Botolo, sitima ndi V-Max: zolemba za ulendo wanga ku Japan

Lolemba usiku, Tokyo

Ndafika, abale. Miyendo yatupa, msana ukuwawa, koma ndafika. Kunyamuka ku Lilongwe masana, kudikira pa Addis Ababa mpaka usiku, kenako ndege yaitali ija yomwe imayamba yatera ku Seoul isanadumphe nyanja kudzafika pa Narita. Tulo sindinatione kwenikweni, mtima unali pa funso lomwe a pachipata angandiponyere: makaniko wa njinga zamoto wa ku Biwi wadzatani kuno? Sanafunse zambiri. Anawerenga kalata ya mlongo wanga amene akuphunzira kuno, anandidinditsa zala pa makina, basi ndadutsa.

Mlongo wangayo anandichingamira jekete ili m'manja. "Achimwene, valani. Novembala wa kuno si wa kwathu." Iye amafuna tikwere sitima yotsika mtengo, ine ndinakaniratu. Ndinati lero lokha tikwera Narita Express, ngakhale tikiti yake ndi mayeni oposa pang'ono 3,000 munthu mmodzi. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, chifukwa akudziwa mmene ndinavutikira kuti ndipeze ndalama zakunja.

Chifukwa chake n'chakuti sitimayi ndi imodzi mwa ntchito za munthu amene wandibweretsa kuno. Dzina lake Kenji Ekuan, katswiri wokonza maonekedwe a katundu wopangidwa m'mafakitale, yemwe anamwalira pa 8 February 2015 ali ndi zaka 85. Kampani yomwe ankatsogolera, GK Design, ndiyo inajambula sitimayi, komanso ndiyo yakhala ikujambula njinga za Yamaha kuyambira yoyambirira yeniyeniyo. Anthu okonda njinga zamoto amamutchula akamakamba za V-Max, njinga yamphamvu ya Yamaha. Ine ndinamudziwa chifukwa cha V-Max yomweyo, imene bambo wina anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg n'kudzaisiya pa galaja yathu mwezi wathunthu, ikutiliza ndi makabuleta ake.

Sitimayo ndi yoyera mbee, mwina mofiira, mwina mwakuda, kutsogolo kwake kotalika. M'kati muli zii, moti ndimamva kupuma kwanga. Chomwe chandigwira mtima ndi poika zikwama: pali chingwe chachitsulo chokhala ndi loko wa manambala, umasankha wekha nambala n'kukakhala pansi opanda nkhawa. Winawake anakhala pansi n'kuganizira mantha a mlendo. Ine ndinatseka, komabe ndimacheukacheuka.

Lachiwiri, Ueno

Ndadzuka 3 koloko m'bandakucha, thupi likuti kukadali madzulo. Kachipinda ka mlongo wanga n'kakang'ono moti ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse, ndiye ndinangokhala phee mpaka kunja kutayera.

Ueno ili ndi paki yaikulu, nyumba zosungiramo zakale ndi malo oonetsera nyama. Zonsezo ndazilambalala. Ndimafuna chipata cha yunivesite ya zaluso ya Tokyo, kumpoto kwa pakiyo, komwe Ekuan anamaliza maphunziro mu 1955. Mu 1952 iye ndi anzake angapo anapanga kagulu pansi pa mphunzitsi wawo Iwataro Koike, ndipo zilembo GK zimangotanthauza gulu la Koike. Kampani yeniyeni inadzayamba mu 1957. Ndaima pachipatapo n'kumaona ana asukulu akulowa, wina atanyamula chithabwa chachitali kuposa iye mwini, wina gitala kumsana. Anyamata ngati amenewa ndi omwe kampani yopanga mapiyano, kholo la Yamaha, inawapatsa njinga yake yoyamba kuti aikonze maonekedwe. Kwathu ntchito yotere tikanaipereka kwa achikulire a imvi, anyamatawo n'kuwatuma madzi.

Kum'mawa kwa siteshoni, m'mbali mwa msewu wa Showa-dori, kale kunali mashopu a njinga zamoto ndi zida zake motsatizana, ndipo anthu ankachokera kutali kudzagula. Lero atsala owerengeka. Ndalowa m'shopu ina ya zipewa ndi magolovesi. Mwini wake, bambo wa imvi, anaona manja anga n'kumwetulira, kenako anandionetsa ake. Zikhadabo zakuda chimodzimodzi. Tinacheza kudzera pa foni, iye kulankhula Chijapani foniyo n'kumandilembera Chingerezi chopindikapindika. Nditatchula Ekuan anagwedeza mutu, n'kupendeketsa dzanja ngati akuthira kanthu m'mbale. Njinga sanaitchule n'komwe.

Nkhomaliro ndadya mpunga wa nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, mayeni 500 ndi kenakake, tiyi wozizira waulere. Mpunga wa kuno umamatana, umakhala m'mimba. Patebulo panali kabotolo ka msuzi wa soya, ndipo mlongo wanga wati mawa tipite kwawo kwa botololo.

Lachitatu, Noda

Sitima ya Joban kuchoka pa Ueno mpaka Kashiwa, kusintha n'kukwera ya Tobu mpaka siteshoni ya Nodashi. Ola limodzi ndi mphindi zochepa. Chitseko chitangotseguka fungo linatilandira, fungo la chinthu chokazinga chosakanikira ndi chofufumitsa, tauni yonse kununkhira. Pano ndi pamene mabanja a Mogi ndi Takanashi anaphatikiza mabizinesi awo mu 1917 n'kupanga kampani yomwe lero ndi Kikkoman. Kale msuziwu ankautsitsa pa maboti mumtsinje wa Edo kukagulitsa mumzinda. Zopangira zake n'zosavuta kutchula: soya, tirigu, mchere, madzi ndi nkhungu ina yake yofufumitsira, kenako kudikira miyezi. Ndinaganiza za soya wa alimi a ku Mchinji amene amagulidwa motchipa pa sikelo ya vendala, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Botolo lomwe ndadzera, la msuzi wa Kikkoman lomwe Ekuan anakonza, linatuluka mu 1961. Ekuan ankakumbukira mayi ake akulimbana ndi chibotolo chachikulu cholemera, kuthira msuzi m'kabotolo ka patebulo, kenako kudontha kwake n'kumasiya zipsera pathebulo. Aliyense amene anaonapo mayi wa pamsika akuyeza mafuta ophikira kuchoka m'chigubu kupita m'timapepala tapulasitiki, mafuta akuyenderera m'zala, akudziwa vuto limeneli. Zinamutengera zaka zitatu ndi mabotolo oyesera oposa 100.

Ndaligwira nthawi yaitali, anthu mpaka kundidabwa. Ndi lagalasi, mamililita 150, pansi potakata kuti lisagwe chisawawa, khosi lowonda kuti zala zizigwira bwino, ndipo umaona msuzi wotsala usanapendeketse. Chivindikiro chofiira psuu chili ndi timilomo tiwiri, uku ndi uku. Kamodzi kamatulutsa msuzi, kenako kamalowetsa mpweya, ndiye ukatseka ka kumbuyoko ndi chala msuzi umatuluka dontho limodzilimodzi. Nzeru yaikulu ili pa kadulidwe ka kamlomoko. Mlomo wa tiipoti umatalika mmunsi. Apa anatembenuza, mmunsi n'kufupikitsa, mmwamba n'kutalikitsa, moti dontho lomaliza limasowa pogwira n'kubwerera m'kati. Ndathira, ndaimika, ndapukuta khosi ndi chala: gwa, louma. Ndabwereza mpaka mlongo wanga anati, "Achimwene, anthu akudikira."

Mabotolo amenewa agulitsidwa oposa 300 miliyoni, maonekedwe ake osasintha, ndipo limodzi likusungidwa ku Museum of Modern Art ku New York. Ine ngati makaniko ndikuti iyi ndi ntchito ya munthu wodziwa madzimadzi mmene amayendera. Aliyense amene anasakapo pomwe oyilo akudontha pa injini amadziwa kuti dontho lili ndi nzeru zake.

Ndalawanso ayisikilimu wothira msuzi wa soya. Sindikunamizani, ndi wokoma, koma kamodzi n'kokwanira.

Lachinayi, m'sitima za Tokaido

Lero ndili ndekha, mlongo wanga ali ndi makalasi. Wandilembera mayina a masiteshoni papepala, wandiikira mazira owiritsa m'chikwama, n'kundiuza kuti ndikasochera ndingoima pamodzi n'kumuimbira. Mantha ndinali nawo, osabisa.

Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ija, imafika ku Hamamatsu mu ola limodzi ndi theka, koma mtengo wake ndi pafupifupi kuwirikiza. Ndasankha sitima wamba, mayeni 4,500 ndi pang'ono, maola anayi ndi theka, kusintha pa Atami kenako kutsogolo. Ndadutsa pafupi ndi fakitale ya Yamaha osatsika, chifukwa malo ogona otchipa ndawapeza ku Hamamatsu. Phiri la Fuji linaonekera kumanja anthu n'kutulutsa mafoni. Ine maso anali pa minda ya tiyi ya ku Shizuoka, yometedwa bwino mizeremizere, ndi tinjinga tofiira ta apositi tikukwera zitunda.

Pa Atami ndagula bokosi la chakudya cha paulendo, mayeni 1,000 ndi kanthu. Ekuan analemba buku lathunthu lonena za bokosi lotereli, kuti luso la Ajapani lokonza zinthu limaoneka mmene amalongedzera tizakudya tambiri tosiyanasiyana m'malo ochepa popanda kusokonezana. Langa munali mpunga, kansomba kootcha, dzira lopindapinda, kadzungu, tindiwo towawasa ndi zina zomwe mayina ake ndi a eni ake. Kukongola kokha ndiye ayi, kunalipo. Kukhuta ndinakhuta ndi mazira a mlongo wanga.

Sitima za kuno mipando yake ndi mabenchi oyang'anizana, ndiye kudyeramo n'kochititsa manyazi. Ndinadyera pa pulatifomu, mphepo ikundiomba. Agogo ena aakazi anaona ndikulimbana ndi timitengo todyera, anapisa m'chikwama n'kundipatsa supuni yapulasitiki ndi manachesi awiri. Ndinati zikomo m'Chichewa, iwo anawerama, ine ndinawerama, iwo anaweramanso, sitima yanga n'kutsala pang'ono kundisiya.

Lachisanu, Iwata

Kuchoka ku Hamamatsu kubwerera pang'ono kum'mawa, kutsika pa Mikuriya, siteshoni yatsopano yomwe inatsegulidwa mu 2020. Kuchoka apo ndi ulendo wapansi kukafika pa likulu la Yamaha Motor, pomwe pali nyumba yoonetsera zinthu zawo, Communication Plaza. Kulowa ndi ulere. Ndinafunsa kawiri kuti nditsimikize.

Dera lino ndi chimake cha njinga zamoto. Honda inayambira ku Hamamatsu, Suzuki ikadali komweko, ndipo Yamaha inabadwa kuchokera ku Nippon Gakki, kampani ya maogani ndi mapiyano. N'chifukwa chake chizindikiro chawo ndi tizitsulo titatu tochunira nyimbo. Nkhondo itatha anatsala ndi makina omwe ankapangira mapulopela a ndege, ndipo bwana wawo Genichi Kawakami anaganiza zowagwiritsa ntchito popanga njinga. Yamaha Motor inaima payokha pa 1 July 1955.

YA-1 ndinaipeza isanandipeze. Kanjinga kowonda, 125cc, thu sitiroko, kotengera DKW RT125 ya ku Germany yomwe makampani ambiri padziko anakopera nthawi imeneyo. Injini ndi nzeru za eni ake a ku Germany zokonzedwa pang'ono. Chomwe anyamata a GK anabweretsa ndi maonekedwe. Njinga za masiku amenewo pafupifupi zonse zinali zakuda bii, iyi n'kutuluka yofiirira ndi mbali za thanki zotuwira ngati mkaka, anthu n'kuitcha tombolombo wofiira. Mtengo wake unali mayeni 138,000, wokwera kuposa zinzake, koma itapambana mpikisano wokwera phiri la Fuji mu July 1955 ogula anabwera okha. Ndinagwada kuti ndione chopondera polizira, mmene chapindikira, ndi mmene paipi ya ekizozi ikutsatira mzere wa fulemu. Mlonda anandiyandikira, ndimaganiza kuti andidzudzula, koma anangondilozera kuti mbali inayo ikuoneka bwino.

Pali zambiri muno: Toyota 2000GT yomwe Yamaha inathandiza kupanga, mainjini a maboti ngati omwe timawaona ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, njinga yakapalasa ya batire ya 1993. Ndinaima kanthawi pa DT-1 ya 1968, kholo la ma DT onse. Malemu bambo anga anali mlangizi wa zaulimi, ndipo DT125 yawo ndi yomwe ndinaphunzirirapo kumasula pulagi. Njinga zimenezi ndi ma AG200 zanyamula alangizi, azaumoyo ndi katemera m'misewu ya matope ya kwathu kwa zaka zambiri, koma palibe amene anatiuzapo kuti kuli anthu olembedwa ntchito yongoganizira mmene thanki ikhalire pakati pa maondo.

Kenako V-Max ya 1985. Ndinaidziwa kale ndi manja, lero ndimaiona ili yoyera yopanda dontho la oyilo. Injini ya masilinda anayi oima ngati V, 1,198cc, yotengedwa ku njinga ya maulendo ataliatali ya Venture n'kuiwonjezera ukali mpaka mahosipawa 145. Ilibe tcheni, imayendera shafti. Anaipangira msika wa ku America, kwa anthu okonda kuthamangitsana pa msewu woongoka kuchoka pa loboti ina kufika pa inzake, ndipo njinga yonseyo anaijambula kuti diso ligwere pa injini basi.

Apa ndiyenera kunena zomwe ife amasipanala timadziwa. Chomwe chimaoneka ngati thanki si thanki, ndi chivindikiro chabe cha bokosi la mpweya. Petulo amakhala pansi pa mpando, malita 15 okha, pa njinga yomwe imamwa mosaumira. Makutu awiri a aluminiyamu aja m'mbalimu, omwe aliyense amaganiza kuti amakoka mphepo kupita ku injini, sakoka kanthu. Amabisa mawaya ndi tizipangizo tamagetsi. Ndiye munthu yemweyo amene botolo lake lilibe kachidutswa kopanda ntchito, kampani yake inatulutsanso njinga ya makutu onamizira. Ndazungulira njingayo ndikuganiza zimenezi, ndipo sindinganame, makutuwo mukawachotsa si V-Max ayi. Inakhala pamsika mpaka 2007 osasintha kwenikweni, zaka 22. Itabwera yatsopano ya 1,679cc mu 2009, makutuwo anawapatsa ntchito yeniyeni yokoka mpweya.

Madzulo ndadya ma gyoza a ku Hamamatsu, timikate tokazinga toikamo kabichi ndi nyama ya nkhumba, oyalidwa mozungulira ndi mphukira za nyemba pakati. Patebulo loyandikana nalo amalankhula Chipwitikizi. Kuno kuli anthu ambiri ochokera ku Brazil ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo nditawapatsa moni wa Chipwitikizi yemwe ndinatola kwa madalaivala a ku Tete anaseka n'kundigulira chakumwa.

Loweruka, Shiomizaka

Mmodzi wa a ku Brazil aja amapenta zida za galimoto m'fakitale ina, ndipo anati ngati ndikufuna okwera njinga enieni ndisawasake m'nyumba zoonetsera. M'mawa uno wabwera ndi kagalimoto kake kudzanditenga. Tatsata msewu wa nambala 1 kumadzulo, kudutsa pakamwa pa nyanja ya Hamana, mpaka pamalo opumulira a Shiomizaka, pamtunda poyang'ana nyanja ya Pacific. Ndinafuna kumuthirira mafuta, anakana mpaka kukwiya.

Njinga zinali ndandanda. Ma SR400 angapo, njinga yolizira ndi phazi yomwe Yamaha inagulitsa m'Japan kuyambira 1978 mpaka 2021 osaikapo sitata, ma Kawasaki obiriwira, ma Harley, agogo ena pa Super Cub atamangirira bokosi la ndiwo. Ambiri okwera ndi achikulire, imvi zikutuluka akavula zipewa. Ndipo kumapeto kunali V-Max yakuda, mwini wake atakhala pansi pambali pake akumwa khofi wa m'chitini.

Mnzanga wa ku Brazil ndiye anali womasulira. Bamboyo anati yakeyo ndi ya ku Canada. Ndinadabwa, njinga yopangidwa m'dera lomwe lino ikhala bwanji ya ku Canada? Anafotokoza kuti V-Max yogulitsidwa m'Japan momwemo, yomwe inayamba mu 1990, anaichepetsa mphamvu kufika pansi pa mahosipawa 100 ndipo inalibe V-Boost. Ndiye okonda njingayi ankagula zomwe zinatumizidwa kunja n'kuzibweretsanso kwawo. V-Boost ndi timavavu tomwe timatseguka injini ikafika cha m'ma 6,000, silinda iliyonse n'kuyamba kuyamwa m'makabuleta awiri nthawi imodzi. Bamboyo pofotokoza anagwira mahandulo a m'malere n'kugwetsa mutu chagada, tonse kuseka.

Ndinamuuza za mwezi uja tinalimbana ndi makabuleta anayi ku Biwi, opanda geji yolinganizira, tikugwiritsa ntchito mapaipi ndi mabotolo a oyilo. Anaomba m'manja. Iyenso anadandaula zake: njingayi imalemera makilogalamu oposa 260, fulemu imagwedezeka pokhota mothamanga, mabuleki a zoyambirira anali ofooka. Ndinafunsa kuti nanga amaisungiranji. Anangoiyang'ana n'kukweza mapewa.

Za Ekuan anayankha mosamala. Anati atamwalira manyuzipepala a kunja analemba ngati iye yekha ndiye anajambula V-Max, pomwe pensulo inali m'manja mwa Atsushi Ichijo wa GK, ntchito yambiri inachitikira ku California, gulu la mainjiniya linkatsogoleredwa ndi Akira Araki, ndipo Ed Burke wa Yamaha ya ku America ndiye ankadziwa zomwe ogula a kumeneko akufuna. Komabe, anatero, popanda Ekuan sipakanakhala nyumba yoti anthu amenewa akhalemo n'kuloledwa kujambula chinthu chamisala chotere. Ine ndikugwirizana naye. Pa galaja yathu njinga ikatuluka bwino amatamandidwa ndi mwini galaja, pomwe anagona pansi pake ndi anyamata. Koma ndi mwini galajayo amene amasankha anyamatawo n'kuwauza kuti ntchito yoipa isatuluke pachipata.

Asananyamuke anandiuza kuti ndikhalepo. Ndinakhala, injini ikulira pansi panga, kugunda kwake kukufika m'mano. Kuyendetsa ayi, chiphaso changa si cha kuno ndipo mtima unali phaphapha. Kenako tonse atatu tinakaviika mapazi m'madzi otentha omwe ali pamalopo, aulere, mathalauza titapinda, tikuyang'ana nyanja. Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa kapaketi ka magasiketi a kabuleta komwe amayenda nako, akuti kwanu n'kosowa kuposa kuno.

Lamlungu usiku, m'basi

Sitima wamba mpaka Nagoya, kenako basi ya usiku yopita ku Hiroshima. Yandipulumutsa ndalama ya malo ogona. Makatani atseka, magetsi azimitsa, aliyense chete, palibe wolalikira kapena wogulitsa mankhwala. Ine maondo agunda mpando wakutsogolo ndipo ndikuopa kukhosomola. Nsima ndaisowa koopsa. Ndasiya kuwerengera mitengo m'makwacha chifukwa zimandidwalitsa mutu.

Lolemba, Hiroshima

Tafika kusanache bwino. Ndasamba kumaso pa siteshoni, ndagula mpunga wokulunga m'ndere za m'nyanja ndi khofi wotentha, n'kupita kukaima pomwe pamadutsa sitima za mumsewu. Malo achikumbutso omwe aliyense amajambula ndawaona patali, sindilemba za iwo. Ndimadikira sitima imodzi.

Ekuan anabadwira ku Tokyo mu 1929, ali mwana anakhalako ku Hawaii komwe bambo ake, wansembe wa Chibuda, ankatumikira, kenako banja linabwerera kudzakhala pa kachisi wa kuno. Pa 6 August 1945 iye anali kunja kwa mzindawu, pa sukulu ya asilikali apamadzi, ali ndi zaka 15. Mlongo wake anafa ndi bomba la atomiki lomwe linagwa pa mzindawu tsiku limenelo. Bambo ake anadwala ndi poizoni wake n'kumwalira patapita chaka. Mnyamatayo anapita ku Kyoto kukaphunzira unsembe kuti alowe m'malo mwa bambo ake, ndipo anauphunziradi, asanatembenukire ku zojambula.

Ankafotokoza kuti atabwerera kuno n'kuona bwinja, pambali pa anthu akufa anaonanso sitima za mumsewu zopserera, magalimoto ogudubuzika ndi njinga zosungunuka, ndipo kwa iye zinkamveka ngati zinthuzo zikulira kuti zinkafuna kugwirabe ntchito. Moyo wake wonse ankaphunzitsa kuti zipangizo zili ndi mtima, kuti chinthu chiyenera kukalamba n'kufa imfa yabwino m'manja mwa mwini wake. Ndikanamva zimenezi ndili kwathu ndikanati ndi zolankhula za anthu okhuta. Koma ine ndine amene ndimalandira njinga za kabaza zogula chaka chatha, fulemu itathyoka kale, mabawuti akutha mano ukangowakhudza, mnyamata asanamalize kubweza ngongole. Pakona pomwepo pali DT ya m'ma 1980 yomwe ikulirabe ukaiponda kamodzi. Amene anapanga zoyambazo sanaganizepo za tsiku lomwe munthu adzazimasule.

Sitima zambiri zadutsa, zatsopano zazitali zapansipansi zotchedwa Green Mover Max, zomwe maonekedwe ake anakonza a nthambi ya GK ya konkuno. Agogo amakwera osakweza phazi. Ndadikira pafupifupi ola, zala zitauma ndi kuzizira, bambo wina wovala yunifolomu n'kubwera kudzafunsa ngati ndasochera. Ndinamulembera 651 padzanja, nambala ya sitima yomwe ndimadikira. Anayang'ana wotchi, anaimba foni, n'kundionetsa ndi zala kuti ndidikire mphindi khumi, mbali inayo ya msewu.

Inabweradi. Yobiriwira mmunsi, yotuwira mmwamba, yopangidwa mu 1942. Inali pa njanji m'mawa womwe bomba linagwa, inapsa, anaikonza, ndipo mpaka lero imanyamula anthu opita kuntchito pamodzi ndi inzake 652. Mzindawu unayambiranso kuyendetsa sitima pa kachigawo kena patangopita masiku atatu bomba litagwa. Ndalipira mayeni 200 ndi pang'ono, mtengo womwewo wa sitima zatsopano. Pansi ndi pa matabwa, mota imalira mokoka ikamanyamuka, mabuleki a mpweya amafwenthera pa siteshoni iliyonse. Ana asukulu ali pa mafoni, mayi wina akuodzera. Ndinakhala kumbuyo kwa dalaivala n'kumaona dzanja lake pa chogwirira chachitsulo chomwe chasalala ndi kugwiridwa, ndikuwerenga m'mutu anthu omwe akhala akuthira girizi m'mabeyaringi ake kwa zaka zoposa 80.

Masana ndadya okonomiyaki, kabichi wambiri, manudozi, dzira ndi nyama yankhumba zosanjikiza pa chitsulo chamoto, mayeni 900. Aka n'koyamba kukhuta chifikireni. Mayi wophikayo atamva kuti ndachokera ku Africa anandiwonjezera dzira osalipiritsa.

Mlongo wanga waimba kufunsa ngati ndalama yobwererera ku Tokyo yatsala. Yatsala ya basi ya usiku basi, ndiye maondo apirirenso. Wandikumbutsanso kuti chikwama chololedwa m'ndege ndi makilogalamu 23, ndipo ine ndagula kale geji yolinganizira makabuleta ya kaunjika, masipanala awiri ndi mabotolo a chivindikiro chofiira oti ndikagawire anyamata a pa galaja. Akuti nsapato zina ndizisiya kwa iye.